Wosungulumwa kwenikweni si Robinson Crusoe

Aphunzitsi ena anandilembera imelo ndi funso ili: "Ndikukonza zoti ophunzira anga akambirane za kusungulumwa m'mabuku akale a nthano. Ndiyambe ndi Robinson Crusoe, poti ndi amene anakhala yekhayekha nthawi yaitali kuposa onse?"

Aphunzitsi, yambani naye ndithu, koma musamupatse mpando wa kutsogolo. Ndi zoona kuti m'buku limene Daniel Defoe anatulutsa mu 1719, Crusoe anakhala pachilumba zaka 28. Koma taonani zimene ankachita kumeneko. Analima barele ndi mpunga, anaweta mbuzi, anaumba miphika, masiku n'kumawerenga pojoba pamtengo. Munthuyu analibe mpata wokhala manja ali m'khosi. Tsiku limene anaona phazi la munthu litadinda pamchenga, sanalumphe ndi chimwemwe ayi, anathawira kumpanda wake mtima uli phaphapha. Ngakhale atabwera Friday, munthu amene Crusoe anamupulumutsa kwa adani ake, Crusoe anafulumira kumuphunzitsa kuti azimutchula kuti bwana. Ine ndimaona kuti iyeyu ankasowa wantchito kuposa mnzake wocheza naye.

Amene amandimvetsa chisoni ndi cholengedwa cha m'buku la Frankenstein, limene Mary Shelley anatulutsa mu 1818. Victor, amene anachipanga, anachithawa usiku womwewo chitangophethira maso. Kenaka chinabisala m'kachisakasa kogundana ndi nyumba ya banja la De Lacey, n'kumasuzumira pamng'alu miyezi yambiri. Chinaphunzira kulankhula pomvetsera iwowo. Usiku chinkawatolera nkhuni n'kuwasiyira pakhomo, eni ake osadziwa kuti wachifundoyo ndani. Chitalimba mtima chinalowa kukalankhula ndi bambo wa m'nyumbamo, nkhalamba yosaona, ndipo anachilandira bwino. Ana atangotulukira, mmodzi wa iwo, Felix, anachikwapula ndi ndodo, ndipo pasanapite nthawi banjalo linasamuka. Apa mpamene pali kusiyana. Crusoe anatsekerezedwa ndi nyanja, ndipo nyanja ilibe naye chifukwa munthu. Cholengedwachi chinakanidwa ndi anthu amene chinkawadziwa mayina ndi mavuto awo omwe. Chitapempha Victor kuti achipangire chinzake chachikazi, iye anayamba ntchitoyo kenaka n'kuiphwasula chikuona.

Silas Marner wa George Eliot, wa mu 1861, ali pakatikati. Mnzake wapamtima anamunamizira kuba ndalama, mpingo unachita maere n'kumupeza wolakwa, bwenzi lake n'kukwatiwa ndi womunamizirayo. Anasamukira ku Raveloe kumene anatha zaka 15 akuomba nsalu ndi kuwerenga ndalama zake zagolide usiku. Chodabwitsa n'chakuti anayamba kuyandikana ndi anthu ndalamazo zitabedwa, chifukwa anakakamizika kupita kukadandaula kwa anansi. Kamwana kamasiye kamene anakatola n'kukalera, Eppie, kanadzamalizitsa ntchitoyo. Za Miss Havisham wa m'buku la Charles Dickens la Great Expectations sindichulutsa. Mwamuna atamuthawa pa tsiku la ukwati, anadzitsekera yekha, mawotchi n'kuwaimitsa, ndipo ululu wake anaukoleza dala mpaka kuupatsira Estella, mtsikana amene anamulera.

Ngati nthawi ilipo, onjezeraniponi Okonkwo wa m'buku la Chinua Achebe la mu 1958, Things Fall Apart. Ophunzira ambiri adzathamangira kunena za zaka 7 zimene anakhala ku Mbanta atapirikitsidwa kwawo. Afunseni ngati kumeneko analidi yekha, poti kunali kwa amayi ake ndipo amalume ake, Uchendu, anamupatsa malo omanga ndi olima. Anadzakhala yekha atabwerera kwawo ku Umuofia, pakati pa khamu la anthu a mtundu wake, pamene anadula mutu wa mesenjala wa boma la atsamunda, anzake n'kulekerera amesenjala enawo kuthawa. Anamva anthu akufunsana chimene wachitira zimenezo, ndipo anachokapo kukadzimangirira. Mwambo sunalole abale ake kukhudza mtembo wake, moti mnzake Obierika anachita kupempha alendo kuti autsitse mumtengo.