Masheya m'dzina la bambo: zimene zinachitikira Nadhim Zahawi

Funso: Ndimakhala ku Britain ndipo ndikutsegula kampani yaing'ono yokonza m'maofesi. Bambo anga ndiwo anandipatsa mpamba, choncho ndikufuna kulemba masheya ambiri m'dzina lawo, ngakhale kuti ntchito ndi phindu zidzakhala zanga. Kodi pali vuto?

Yankho: Mtima wofuna kuthokoza bambo anu ndaumva ndipo ndikuulemekeza, koma vuto lilipo, ndipo nkhani ya Nadhim Zahawi ikuonetsa bwino pamene lagona.

Zahawi anabadwira ku Baghdad mu 1967, m'banja la Chikurdi limene linathawira ku Britain iye akadali mwana. Mu 2000, iye ndi Stephan Shakespeare anayambitsa YouGov, kampani yofufuza maganizo a anthu kudzera pa intaneti. Mu 2010 anasankhidwa kukhala phungu wa Stratford-on-Avon pansi pa chipani cha Conservative, kenako anayang'anira ntchito ya katemera wa Covid-19, mpaka mu 2022 anakhala nduna ya zachuma. Kwa munthu wobwera, umenewu ndi ulendo wautali kwambiri.

Chimene chinadzamupweteka ndi mapepala a pachiyambi penipeni. Masheya a mwini woyambitsa YouGov anapita ku Balshore Investments, kampani ya ku Gibraltar yokhudzana ndi bambo ake, ndipo patapita zaka zoposa 20, bungwe lotolera msonkho la HMRC silinagwirizane ndi kagawidwe kameneko. Zahawi analipira ndalama pafupifupi mapaundi 5 miliyoni, kuphatikizapo chindapusa, ngakhale kuti bungweli linati kunali kusasamala chabe, osati dala. Pa 29 January 2023, Rishi Sunak, amene anali nduna yaikulu ya Britain panthawiyo, anamuchotsa pa udindo wa wapampando wa chipani chifukwa sanaulule bwinobwino kuti nkhani yake ya msonkho inkafufuzidwa.

Ndiye inu khalani pansi ndi bambo anu mugwirizane chinthu chimodzi. Ngati ndalamazo zinali ngongole, lembani kalata ya ngongole yosonyeza kuchuluka kwake ndi nthawi yobweza, masheya akhale anu. Ngati bambo anu akulowadi m'bizinesi, apatseni masheya olingana ndi zimene aikamo, ndipo gawo lawo la phindu lizipitadi kwa iwo. Dziwaninso kuti aliyense wokhala ndi masheya oposa 25 peresenti ayenera kulembetsedwa ku Companies House, ofesi ya boma yolembetsa makampani, monga munthu wolamulira kampani. Musanasaine chilichonse, kaonaneni ndi katswiri wowerengera ndalama, mutatenga risiti ya ndalama imene bambo anakutumizirani.