MagnaCut pa mpeni wopinda wa sprint run: ndalama yoonjezerayo ikugula chani kwenikweni?

Imelo yomwe ndikuyankha lero yachokera kwa m'bale wina amene ali ndi mpeni wopinda wa chitsulo cha S35VN, ndiye waona kuti kampani yomwe inapanga mpeniwo yatulutsa wina wofanana ndendende koma wa MagnaCut, mipeni yowerengeka chabe, ikatha yatha (ndi zomwe amazitcha sprint run), mtengo wake wokwererapo. Mafunso ake ndi awiri. Agule kapena ndi phokoso chabe la otsatsa malonda? Ndipo zikutheka bwanji kuti MagnaCut izitchedwa stainless, kutanthauza chitsulo chosachita dzimbiri, ili ndi chromium 10.7 peresenti yokha, pamene chitsulo china cha M390 chili ndi 20?

Achimwene, ndiyambira funso lachiwirilo chifukwa ndi lomwe landisangalatsa, komanso mukalimvetsa limenelo loyambalo muliyankha nokha.

Chimene chimateteza chitsulo ku dzimbiri si chromium yense amene anathiramo pochisungunula ayi, koma yekhayo amene watsala yekha mkatimo osagwirana ndi kaboni. Chromium wotsalayu akakumana ndi mpweya amapanga kachikuto kopyapyala kosaoneka ndi maso pamwamba pa chitsulo, ndipo kachikuto kameneka ndi kamene kamatchinga madzi, thukuta ndi mchere. Vuto ndi lakuti mpeni umafuna kaboni wambiri kuti ulimbe, ndipo kaboniyo amakonda kugwirana ndi chromium n'kupanga timibulu tolimba totchedwa ma carbide. Chromium akalowa m'timibuluto, ntchito yoteteza ija wasiya basi. N'chifukwa chake D2, mtundu wina wa chitsulo cha mipeni, yomwe ili ndi chromium pafupifupi 12 peresenti, imachitabe mawanga mukaisiya yonyowa, poti kaboni wake wa 1.5 peresenti wameza chromium wambiri. M390 ya kampani ya Böhler ya ku Austria inathana nazo pongothira chromium wochuluka, 20 peresenti, kuti olo kaboni wake wa 1.9 atengeko gawo lalikulu patsalebe wokwanira. Zimagwira ndithu, koma malipiro ake ndi akuti timibulu ta chromium timachuluka ndipo timakula, ndiye mpeni umabenthuka msanga ukagunda chinthu cholimba.

Larrin Thomas, katswiri wa zitsulo wa ku America amene anakonza MagnaCut, anadzera njira ina. Anatsitsa chromium kufika pa 10.7, kaboni 1.15, n'kuika vanadium 4 peresenti, niobium 2 ndi molybdenum 2, komanso nitrogen pang'ono, ndipo anaziyeza mwakuti chitsulocho chikaotchedwa bwino kaboni azigwirana ndi vanadium ndi niobium basi, chromium n'kutsala yense pa ntchito yoteteza. Timibulu ta vanadium ndi niobium ndi tating'ono komanso tolimba kuposa ta chromium. Ganizirani konkire: miyala ing'onoing'ono yolimba yomwazikana bwino imapangitsa kuti isaperepeseke koma isasweke, pamene miyala ikuluikulu ndi pamene ming'alu imayambira. Chitsulochi chinatuluka mu 2021, chopangidwa ndi Crucible Industries ya ku Syracuse, New York, pogwiritsa ntchito njira yawo ya CPM, yomwe chitsulo chosungunuka amachipopera kuti chisanduke ufa kenako n'kuupsinja ufawo pa moto ndi mphamvu yaikulu kuti ubwererenso kukhala chitsulo, zomwe zimathandiza kuti timibulu tija tisaunjikane malo amodzi.

Nde inde, pamenepa pali chatsopano chenicheni, si dzina chabe. Ndikunena izi chifukwa zambiri zomwe zinkatuluka kale zinali kungosunthasuntha manambala. S30V inabwera mu 2001, Crucible atagwira ntchito ndi Chris Reeve, wopanga mipeni wotchuka uja. Mu 2009 kunabwera S35VN yanuyo, anachepetsako vanadium n'kuikamo niobium 0.5 peresenti kuti isavute kupera ndi kunola. Mu 2019 S45VN, chromium anamukweza kufika 16. Zonsezi ndi zabwino koma ndi banja limodzi, ndipo mutapatsidwa mipeni itatuyi maina atafufutidwa sindikukhulupirira kuti mungaisiyanitse podula makatoni.

Koma apa ndi pamene anthu ambiri amakhumudwa atagula kale. MagnaCut sikuti imakhala yakuthwa nthawi yaitali kuposa zonse. Pa mayeso a makina a CATRA, omwe amadula timapepala tokhala ndi mchenga wa silica n'kuyeza kuchuluka kwa timapepala tomwe mpeni wadula, imagwera pafupi kwambiri ndi S30V ndi S35VN, M390 imaiposa pang'ono, ndipo S90V yomwe ili ndi vanadium 9 peresenti imaisiya kutali. Pamene imapambana ndi pa kusabenthuka ndi pa dzimbiri, zinthu ziwiri zomwe kale, pa zitsulo zokhalitsa kuthwa ngati izi, munkayenera kusankha chimodzi n'kutaya chinacho. Ngati ntchito yanu ndi kutsegula mapaketi ndi kudula tizingwe, ndipo mpeni wanu wa S35VN sunachitepo dzimbiri kapena kubenthuka, kusiyanako simukumva m'manja, ndikukuuzani zoona. Ngati mumatuluka thukuta kwambiri mpeni uli m'thumba, mumagwira ntchito pa madzi, kapena mumadula zinthu zokhala ndi mawaya ndi ma staple, pamenepo mudzaona. Olo ndi choncho, kwa munthu amene mpeni wake umakhalira m'madzi a mchere tsiku ndi tsiku, zitsulo za LC200N ndi Vanax, zomwe zimadalira nitrogen m'malo mwa kaboni wambiri, zikadali patsogolo pang'ono.

Tsopano chinthu chomwe chimandipweteka mtima ndikamaona anthu akuthamangira dzina lolembedwa pa mpeni. Chitsulo chimafika ku fakitale chili chofewa, ndipo kulimba kwake kumabwera ndi mmene achiotchera m'ng'anjo, kuchiziziritsa mwachangu, nthawi zina mpaka mu nitrogen wamadzi, kenako kuchifunditsanso kuti chisakhale chophweka kusweka. Kulimbako amakuyeza pa sikelo ya Rockwell, mumaona alemba HRC. MagnaCut imatha kufika 62 mpaka 64 koma osaopsa kubenthuka, ndipo ubwino wake wonse pa mpeni wopinda uli pamenepo. Wopanga akaisiya pa 60 poopa kuti makasitomala azibweza mipeni, kapena chifukwa chitsulo chofewerako sichitha malamba operera, ndiye kuti mwalipira mtengo wa MagnaCut koma kuthwa kwake kuzipindika ngati chitsulo wamba. Ndipo mipeni yowerengekayi nthawi zambiri ndi pamene fakitale ikuchigwira chitsulocho koyamba, sinachizolowere, ndiye gulu loyambalo si nthawi zonse limakhala labwino kuposa lotsatira. Musanalipire funsani HRC. Wogulitsa amene akudziwa katundu wake sachita chibwibwi pa funso limeneli.

China ndi kaumbidwe ka mpeniwo. Mpeni wonenepa kuseri kwa kuthwa kwake umakanirira m'katoni olo chitsulo chikhale chodula bwanji, pamene wopyapyala wa 14C28N, chitsulo chotchipa cha ku Sweden, umangodutsa. Thomas yemweyo anaonetsa pa mayeso ake kuti kupendekeka komwe mwanolera kumasintha kutalika kwa nthawi yomwe mpeni umadula kuposa mmene kusintha chitsulo kumachitira nthawi zambiri. Ndiye phindu lenileni la chitsulo chosabenthuka ndi lakuti wopanga angathe kupera mpeni mopyapyala osaopa. Ngati sprint run yo angosintha chitsulo ndi mtundu wa chigwiriro koma kunenepa n'komwe kuja, theka la phindulo latsala ku fakitale.

Za kusowa kwake sindichedwapo. Dzina loti sprint run linatchuka ndi Spyderco ya ku Golden, Colorado, omwe amatenga mpeni wodziwika kale monga Para Military 2 n'kupanga yowerengeka ya chitsulo china ndi chigwiriro cha mtundu wina. Ndi njira yabwino yolawira zitsulo, ine ndimaikonda. Koma ngati mukuganiza zogula kuti mudzagulitse modula, dziwani kuti MagnaCut pano ili m'mipeni yambirimbiri yopangidwa tsiku ndi tsiku, si yosowanso ngati mu 2021. Crucible inagwa pa zachuma kumapeto kwa 2024 ndipo ena anaganiza kuti chitsulochi chitha, koma kampani ina ya zitsulo, Erasteel, inagula ufulu wopanga zitsulo za CPM mu 2025 ndipo chikupangidwabe. Chenjeraninso ndi mipeni yachinyengo, poti imene ikufunidwa kwambiri ndi yomwe amaikopera, ndipo kulemba dzina la chitsulo pa mpeni ndi laser aliyense angathe. Gulani kwa ogulitsa ovomerezeka ndi kampaniyo.

Nde yankho langa, achimwene, nali. Ngati S35VN yanuyo ikukudandaulitsani ndi mawanga kapena kubenthuka, ndipo opangawo anena poyera kuti aumitsa pa 62 kapena kupitirira, gulani ndipo muugwiritse ntchito, musausunge m'bokosi. Ngati palibe chomwe chikukudandaulitsani, ndalama yoonjezerayo mugulire chonolera cha daimondi kaye. Timibulu ta vanadium tija ndi tolimba kuposa miyala wamba yonolera ya aluminium oxide, ndiye mwala wotere umachedwa ndipo sukutulutsirani kuthwa konse komwe chitsulocho chingapereke, izi ndi zoona pa S35VN komanso pa MagnaCut. Nolani pa madigiri 15 mpaka 17 mbali iliyonse m'malo mwa 20, onetsetsani kuti kawaya kopyapyala komwe kamatsala kunsonga mwakachotsa konse pa chikopa, ndipo musauweruze mpeni watsopano ndi kuthwa kwa ku fakitale, chifukwa malamba a makina amatha kuotcha nsongayo n'kuifewetsa, moti khalidwe lenileni la chitsulocho limayamba kuoneka mutanola kawiri kapena katatu. Mukachita zimenezo pa mpeni womwe muli nawo kale, mundilemberenso mundiuze ngati ukubunthabe msanga ndi zomwe mumadula, tione ngati vuto lili pa chitsulo.