Ana a pakamwa ndi ana a pa pepala, tiwagawe?

Pa imelo pafika funso la madam ena ophunzitsa Chichewa Fomu 3 pa CDSS ina cha ku Limbuli. Akuti ana ena chimangirizo amalemba chokoma koma ukawaloza mkalasi amangoti zyoli, pomwe ena ndakatulo amalakatula mpaka anzawo kuimba m'manja koma ukatenga kope lawo muli mizere iwiri basi. Ndiye akufunsa, ndiwagawe m'magulu aliyense ndizimuphunzitsa mwa njira yake?

Madam, ine ndikuti musawagawe. Zija timamva kumaphunziro a aphunzitsi zoti uyu amamva ndi maso uyu ndi makutu uyu mpaka agwire ndi manja, katswiri wa zofufuza Harold Pashler ndi anzake ku America anaziunika mu 2008 ndipo sanapeze umboni wokwanira woti mwana amakhoza bwino ukamamuphunzitsa mwa njira yake yokhayo. Komanso tinene zoona, buku limodzi ana asanu, nthawi yokonza maphunziro atatu pa piriyodi imodzi muitenga kuti?

Ine ndinkachita izi. Tisanatsegule buku kuti tione mpangankhani ndi malo ochitikira nkhani, ndinkawatuma akafunse agogo za Napolo, kuno kwathu palibe khomo losadziwa, ena amatchula za ku Phalombe 1991 (za Freddy wa 2023 musakakamize mwana, mabala akadali aawisi). Mawa lake kamnyamata kakumbuyo kaja kosalemba kanaimirira, "padangokhala", kalasi yonse "tili tonse", ndiye kanayamba kugudubuza miyala ndi mawu, manja ali m'mwamba, Chilomwe chikulowa pakati, ine sindinakadule. Mtsikana wosalankhula uja ndinamupatsa choko azilemba pa bolodi zining'a ndi mifanizo yomwe akumva. Anatola zisanu ndi ziwiri, mnyamata mwini wake osadziwa n'komwe kuti wazinena.

Kenako mumatembenuza, apa ndiye pali ntchito. Wolongolola uja alembe ndime imodzi yokha ya zomwe wanena, wachete uja awerenge mokweza zomwe walemba, ngakhale mawu akunjenjemera. Onse adzanyinyirika, asiyeni anyinyirike, chifukwa MANEB pa MSCE sidzamva kulakatula kwa munthu, idzaona cholembera.

Ndime yoyamba ya mnyamata uja inalibe mpumiro ngakhale umodzi. Ndinamuuza aiwerenge mokweza, pomwe wapuma mpweya aike kadontho. Anaika tinayi.