Funsani Akatswiri: Zigamba za Linux ndi OpenBSD Kumene Magetsi Amazima Osatsanzika

Makalata ambiri a mwezi uno ochokera ku Harare akufunsa za kuika zigamba, tizidutswa tokonza zolakwika m'mapulogalamu, pa makompyuta oyendera Linux ndi OpenBSD. Tasankhapo asanu.

FUNSO: Ndili ndi shopu yosindikiza mapepala ku Mbare. Mwana wa mlongo wanga anandiikira OpenBSD pa kompyuta yakale kuti izigawa intaneti m'shopumo, ndipo anati ndizilemba syspatch nthawi ndi nthawi. Pa mndandanda wa zigamba ndimaona zina zolembedwa SECURITY FIX, zina RELIABILITY FIX. Kodi ndingamangoika zoyambazo kuti data isamathe msanga? — Bambo wa ku Mbare

YANKHO: Bambo, simungasankhe, ndipo chikhala kuti n'zotheka sitikanakulangizani kutero. Lamulo la syspatch limaika zigamba motsatana, 001, 002, 003, osadumphako, chifukwa chatsopano chimamangidwa pamwamba pa zomwe zinatuluka kale.

Chigamba cha chitetezo chimatseka mpata umene munthu wa maganizo oipa angalowerepo kuti awerenge zosamukhudza, adzipatse mphamvu za root, wolamulira makina onse, kapena ayendetse pulogalamu yake pa makina anu. Chinacho chimakonza cholakwika chimene chimagwetsa makina, kuwaumitsa, kapena kuwononga mafayilo popanda wina kuchitira dala. Koma malire a ziwirizi ndi opyapyala. Ngati uthenga umodzi wopindika wochokera pa intaneti ungagwetse kernel, mtima wa mapulogalamu oyendetsa kompyuta, kaya chigambacho achitcha dzina liti, makasitomala anu angokhala manja lende, chifukwa kompyuta imeneyo ndiye khomo la shopu yonse.

Mukalowa ngati root, yambani ndi syspatch -c. Limangoonetsa zigamba zomwe zikudikira, siliika kanthu, ndipo likabwerera lili duu ndiye kuti palibe chotsala. Kenako lembani syspatch palokha. Limakoka zigamba kuchokera pa adiresi yolembedwa mu /etc/installurl, n'kutsimikiza siginecha yake ndi pulogalamu ya signify pogwiritsa ntchito kiyi imene ili kale mu /etc/signify, kotero fayilo yosinthidwa panjira imakanidwa. Lisanasinthe fayilo iliyonse limasunga yakale mu /var/syspatch. N'chifukwa chake syspatch -r imatha kubweza chigamba chomaliza ngati chakusokonezerani zinthu, syspatch -R n'kubweza zonse. Kuti muone zomwe zalowa kale, ndi syspatch -l.

Apa ndi pamene ambiri amaterereka. Chigamba chikakhudza kernel, makina amalumikizanso kernel yatsopano n'kukuuzani kuti muwayambitsenso. Mukapanda kutero, yomwe ikuyenda m'mutu mwa kompyuta ndi yakale yomwe ija, yobooka, ngakhale syspatch -l ikuonetsa kuti chigamba chilipo. Chimodzimodzi mapulogalamu oyenda nthawi zonse monga sshd kapena unbound: akasinthidwa, ayambitseninso ndi rcctl restart n'kutchula dzina lake. Ngati simukudziwa chomwe chakhudzidwa, yambitsaninso kompyuta yonse mukatseka shopu.

Kulumikizanso kernel kukakanika, choyambitsa chodziwika n'chakuti wina anasintha fayilo ya /bsd, imene ndi kernel yeniyeniyo, pamanja, moti sikugwirizananso ndi nambala yosungidwa mu /var/db/kernel.SHA256. Mufunseni mnyamatayo ngati anaigwirapo.

Dziwaninso kuti syspatch imasamala za OpenBSD yeniyeniyo basi. Zomwe munaika ndi pkg_add zimafuna pkg_add -u. Ndipo OpenBSD imatulutsa mtundu watsopano kawiri pa chaka, n'kumapereka zigamba ku mitundu iwiri yomaliza yokha, kutanthauza kuti mtundu uliwonse umasamalidwa pafupifupi chaka chimodzi. Chakacho chikatha, syspatch -c idzangokhala chete, inu n'kumati zonse zili bwino pamene akusiyani. Onani mtundu wanu ndi uname -r, ndipo mukatsalira kwerani ndi sysupgrade, mtundu umodzi pa ulendo umodzi. Kumeneko ndiye kumadya data. Zigamba za masiku onse zambiri ndi zazing'ono.

FUNSO: Magetsi anazima Linux yanga ya Ubuntu ili mkati moika ma update. Tsopano ndikalemba apt upgrade imakana, imati dpkg was interrupted. Mnzanga akuti ndifufute zonse ndiyambirenso. Ndi zoona? — Mayi wa ku Dzivarasekwa

YANKHO: Ayi Mayi, musafufute kanthu. Kuika phukusi la pulogalamu kuli ndi magawo awiri: dpkg, imene apt imaituma kuika mapukusi, imayamba yamasula mafayilo, kenako n'kuwakhazikitsa. Magetsi akazima pakati pa ziwirizi, m'kaundula wake mumalembedwa kuti phukusilo lili theka, ndipo apt imakana kupitiriza mpaka ntchitoyo itatha. Lembani sudo dpkg --configure -a kuti imalize zomwe inasiya. Kenako sudo apt --fix-broken install, kuti mapukusi odalirana amene asiyana msinkhu agwirizanenso. Mukatero bwerezani sudo apt update ndi sudo apt upgrade. Ngati phukusi limodzi likukakamirabe, dzina lake lidzaoneka mu uthenga wa cholakwika, ndipo sudo apt install --reinstall ndi dzinalo imalikokanso.

Ikadandaula za lock, chizindikiro chakuti pulogalamu ina ili mkati moika mapukusi, musathamangire kufufuta fayilo ya lock monga amalangizira ena. Kawirikawiri ndi unattended-upgrades, pulogalamu yoika ma update popanda munthu, imene yayamba yokha kompyuta itangoyaka. Idikireni imalize. Mukafufuta lock ina ikugwira ntchito, mapulogalamu awiri amalemba m'kaundula mmodzi nthawi imodzi, ndipo vuto limeneli ndi lalikulu kuposa lomwe munali nalo.

Zimavuta kwambiri ngati magetsi anazima pamene kernel yatsopano imalowa, chifukwa fayilo ya initramfs, imene kernel imafuna poyaka, imatha kutsala yoduka ndipo kompyuta siyaka n'komwe. Poyatsa, gwirani Shift kapena dinani Esc kuti GRUB, pulogalamu yosankhira kernel poyaka, ioneke, lowani pa Advanced options, sankhani kernel yam'mbuyo. Ubuntu imasunga yakale dala chifukwa cha tsiku ngati limeneli. Mukalowa, malizani ndi malamulo aja, n'kuwonjezera sudo update-initramfs -u -k all. Onaninso df -h /boot. Ngati /boot ili payokha ndipo yadzaza, initramfs imadukanso ngakhale magetsi alipo, ndipo mankhwala ake ndi sudo apt autoremove.

Kuti zisabwerezeke, gawani ntchitoyi pawiri. Lamulo la sudo apt-get -d upgrade limangokoka mapukusi n'kuwasunga mu /var/cache/apt/archives osaika chilichonse, moti magetsi akazima pamenepo simutaya kanthu. Kukoka ndi kumene kumachedwa. Kuika kwenikweniko ndi kwa mphindi zochepa, ndipo ndi mphindi zimenezo zokha zomwe zimafuna UPS (batire yosungira kompyuta magetsi), invata, kapena batire ya laputopu yodzaza. Ikani magetsi atangobwera kumene, osati pamene mukudziwa kuti nthawi yawo yopita yayandikira.

A OpenBSD amve izi: mafayilo kumeneko amasanjidwa pa disiki m'njira ya FFS, imene ilibe kaundula wobwezeretsa zinthu msanga ngati wa ext4 ya Linux, choncho magetsi akazima mwadzidzidzi pulogalamu yokonza zolakwika ya fsck imayendera disiki poyaka. Ikakanika payokha imakusiyani pa funso lofuna shell. Dinani Enter, lembani fsck -y, ndipo ikamaliza yambitsaninso.

FUNSO: Kompyuta ya kutchalitchi kwathu imakhala yozima sabata yonse. Tikaiyatsa Loweruka, apt update imati Release file is not valid yet, ndipo masamba ena a pa intaneti amakana kutseguka. Kodi yagwidwa ndi vairasi? — Mlembi wa mpingo, Highfield

YANKHO: Si vairasi, Akulu, ndi wotchi. Lembani date muone chaka chomwe ikuuzeni. Pa bolodi ya kompyuta pali kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, CR2032, ka mavoti 3, kamene kamayendetsa wotchi makina akazima. Kakatha, tsiku limabwerera m'mbuyo. Mndandanda wa mapukusi umakhala ndi tsiku lomwe unasainidwa, ndiye kompyuta yoganiza kuti ili m'chaka chakale imauona ngati wochokera m'tsogolo n'kuukana. Ma satifiketi a https amakanidwa pa chifukwa chomwecho, ndipo syspatch nayo imagwa pomwepo ngati adiresi ya mu /etc/installurl ili ya https.

Kwa lero, lembani sudo timedatectl set-timezone Africa/Harare, kenako sudo timedatectl set-ntp true, mudikire pang'ono mutalumikiza intaneti. Pa OpenBSD, rdate -n pool.ntp.org imakonza. Koma gulani kabatireko, n'kotchipa, ndipo muzule chingwe cha magetsi musanatsegule bokosi. Malangizo oti muzimitse kuona tsiku mu apt akanireni: chitetezo chimenecho chilipo kuti wina asakupatseni mndandanda wakale wobisa zigamba zatsopano.

FUNSO: Pa koleji yathu yaying'ono tili ndi makompyuta 12 a Ubuntu pa rauta imodzi ya bandulo. Magetsi akangobwera data imatha ngati madzi, palibe amene watsegula kanthu. Ndizimitse ma update? — Mphunzitsi, Mufakose

YANKHO: Musazimitse, Aphunzitsi. Chomwe chikukudyerani data n'chakuti fayilo imodzi yomweyo ikukokedwa ka 12. Ubuntu ili ndi ma timer awiri, apt-daily ndi apt-daily-upgrade, ndipo nthawi yawo ikadutsa makina ali ozima amadzabweza ngongoleyo akangoyaka. Ma snap, mtundu wina wa mapukusi a Ubuntu, nawo amafufuza zatsopano kanayi pa tsiku. Magetsi akabwera, makina onse amadzukira limodzi pa rauta.

Sankhani kompyuta imodzi yokhala ndi adiresi yosasintha, tinene 192.168.1.10, muikepo apt-cacher-ng. Imamvetsera pa port 3142. Pa ena onse pangani fayilo mu /etc/apt/apt.conf.d/ yokhala ndi mzere uwu: Acquire::http::Proxy "http://192.168.1.10:3142"; Woyamba kupempha phukusi amalikoka ku intaneti, ena 11 amalitenga m'nyumba momwemo. Siginecha imatsimikizidwabe pa kompyuta iliyonse, kotero chitetezo sichichepa. Zofooka zake ndi ziwiri: mapukusi ochokera ku nkhokwe za https sasungidwa mwanjira imeneyi, ndipo kompyuta yosungayo ikakhala yozima enawo apt imawakanira. Ndiye imeneyo ndiyo yoyenera kukhala pa sola kapena UPS.

Ma snap sadutsa mu apt-cacher-ng. Lembani sudo snap set system refresh.metered=hold, n'kuuza NetworkManager kuti intaneti yanu ndi yolipira pa mlingo, ndi nmcli connection modify, dzina la kulumikizako, kenako connection.metered yes. Koma chenjerani, unattended-upgrades nayo imadumpha ikaona chizindikiro chimenechi. Mukachiika, udindo wabwerera kwa inu: khazikitsani tsiku limodzi pa sabata loyendetsa apt upgrade ndi snap refresh pamanja. Firefox ya pa Ubuntu ya masiku ano ndi snap, ndipo ndiyo imene ana asukulu amakumana nayo ndi intaneti tsiku lonse, choncho si yoisiya miyezi.

Mukamaliza, onani ngati fayilo ya /var/run/reboot-required ilipo. Ikakhalapo, yambitsaninso makinawo.

FUNSO: Munthu amene anabwera kudzayesa chitetezo cha seva ya kuntchito kwathu analemba kuti OpenSSH yathu, pulogalamu yolowera pa seva munthu ali kutali, ndi 8.9, yakale, ndipo ili ndi bowo la regreSSHion. Seva ndi Ubuntu 22.04 ndipo ma update onse ndinaika. Abwana akufuna ndiike 9.8 pamanja. Nditani? — Achimwene a ku Msasa

YANKHO: Achimwene, musaike pamanja. Bowolo ndi lenileni: CVE-2024-6387, lolengezedwa ndi kampani ya Qualys pa 1 Julayi 2024. Linakhudza OpenSSH kuyambira 8.5p1 mpaka 9.7p1 pa Linux, ndipo linkatha kulola munthu wopanda pasiwedi kufika pa mphamvu za root. Eni ake a OpenSSH, amene ndi gulu la OpenBSD lomwelo, analitseka mu 9.8. OpenBSD yeniyeniyo sinakhudzidwe.

Koma Ubuntu ndi Debian sasintha nambala yaikulu ya pulogalamu pakati pa moyo wa mtundu wawo. Amatenga kachidutswa kokonza cholakwikacho n'kukasokerera pa mtundu wakale, kuti china chilichonse chikhale momwe chinalili. Nambala yofunika ndi ya kumapeto. Lembani dpkg -l openssh-server. Pa 22.04 bowoli linatsekedwa mu 1:8.9p1-3ubuntu0.10, ndiye ngati yanu ili pamenepo kapena kupitirira, muli bwino. Umboni woonetsa abwana uli mu apt changelog openssh-server, momwe nambala ya CVE ija yalembedwa. Chida chomwe anagwiritsa ntchito woyesayo chiyenera kuti chinangowerenga 8.9 imene sshd imalengeza munthu akagogoda, n'kuweruza pomwepo.

Mukamanga 9.8 nokha, imakakhala ku /usr/local kumene apt sikuyang'anako, ndipo bowo lotsatira likadzapezeka palibe chigamba chidzaifikire pokhapokha inuyo mutakumbukira. Kuthamangira chatsopano kulinso ndi ngozi yake. M'mwezi wa Malichi 2024, Andres Freund anapeza khomo lobisika mu xz 5.6.0 ndi 5.6.1, ndipo amene analilandira anali a mitundu yoyeserera monga Debian sid ndi Fedora Rawhide. A Debian 12 ndi Ubuntu 22.04, amene anali pa xz yakale, silinawafike.

Chomwe woyesayo akanayenera kukufunsani ndi tsiku lomwe chithandizo cha seva yanu chidzathe. Mitundu ya Ubuntu ya LTS, yosamalidwa nthawi yaitali, imalandira zigamba zaulere kwa zaka 5: ya 20.04 inatha mu Meyi 2025, yanu ya 22.04 ifika 2027, ya 24.04 ifika 2029. Ndondomeko yolipira ya Ubuntu Pro imatalikitsa mpaka zaka 10, ndipo munthu payekha amaipeza ulere pa makina osapitirira 5. Ngati muofesimo muli makina ena amene akadali pa 20.04 opanda Ubuntu Pro, yambirani amenewo: sungani kaye mafayilo pa disiki ina, malizani ma update onse otsala, ndipo do-release-upgrade muiyendetse makinawo ali pa UPS.