Yankho kwa Achemwali pa za mabotolo amene tikufuna kugulira Amayi

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumva, ndipo ndasankha kuyankhira pagulu pano kuti Amalume ndi alamu nawonso amve, popeza nkhani ya Amayi ndi ya tonsefe. Mwafunsa ngati n'koyenera kuti tisonkhe ndalama tigule mabotolo amene mnzanu wa kutchalitchi akugulitsa, a adyo, a magnesium ndi a mafuta a nsomba, komanso ngati Amayi angasiye mapiritsi a kuchipatala a kuthamanga kwa magazi (BP) akayamba kumwa zimenezo, poti akuti atopa nawo.

Funso lachiwirilo ndiliyankhe msanga: asasiye. Kuthamanga kwa magazi si matenda amene munthu amamwera mankhwala masiku owerengeka n'kuchira ngati malungo, ndipo nthawi zambiri sikumveka m'thupi, moti munthu amalima, kupita kuchigayo ndi kuseka ndi anzake pamene mitsempha, mtima ndi impso zikuwonongeka pang'onopang'ono. Amayi akamanena kuti akupeza bwino, chimenecho si chifukwa chosiyira, koma mwina ndi umboni woti mapiritsiwo akugwira ntchito. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse azaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi vutoli, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe.

Tsopano za mabotolowo. Sindikunena kuti zonse ndi zabodza, chifukwa zina mwa izo zinayesedwadi pa anthu, koma chofunika n'kuona kukula kwa thandizo lake. Kuchipatala amati BP yakwera ikafika 140 pa 90 kapena kupitirira, ndipo inu munanena kuti ulendo watha uja anawalembera 170 pa 100. Mapiritsi a magnesium amatsitsa nambala yapamwambayo ndi 2 kapena 3 basi, ndipo mafuta a nsomba nawonso amathera chapomwepo, komanso pokhapokha munthu akumwa ochuluka tsiku lililonse. Adyo amaoneka kuti amathandizako, koma zotsatira zake zimasiyana kwambiri malinga ndi mmene anakonzedwera. Piritsi limodzi la kuchipatala, pa mlingo wake woyenera, limatsitsa nambala imeneyo ndi pafupifupi 9, ndipo n'chifukwa chake adokotala amaphatikiza mitundu iwiri kapena itatu munthu akakhala patali ngati pamene pali Amayi. Kuchoka pa 170 kufika pansi pa 140 ndi mtunda wa 30, ndiye mutha kudziwerengera nokha ngati botolo lotsitsa 2 lingawafikitse kumeneko. Chinanso n'chakuti mankhwala a kuchipatalawa anatsimikizika kuti amachepetsa sitiroko ndi matenda a mtima, osati kungotsitsa nambala pa makina, pamene mabotolowa alibe umboni wotero.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi potassium, chifukwa ogulitsa ambiri amamutchula ngati chinthu chosavulaza. N'zoona kuti potassium amathandiza thupi kutaya mchere ndi kutsitsa BP, koma munthu amene akumwa mankhwala a BP otchedwa enalapril, kapena amene impso zake zafooka, thupi lake limasunga potassium wambiri, ndipo akawonjezera wa m'botolo mtima ukhoza kuyamba kugunda mosalongosoka mpaka kuima. HCT, kapiritsi kakang'ono kokodzetsa kaja, kamachita zosiyana, kamataya potassium mu mkodzo. Choncho sitingaweruze tisanaone zimene zalembedwa m'buku lawo la kuchipatala, ndiponso pa msinkhu wa Amayi ndi bwino kuti awayeze magazi kuti aone mmene impso zilili. Makapisozi a adyo ndi a mafuta a nsomba nawonso amachedwetsako magazi kuundana, ndiye ngati anawapatsa aspirin, adokotala ayenera kudziwa asanayambe. Adyo wothira m'ndiwo alibe vuto, adye monga mwa masiku onse.

Potassium amene Amayi akufunika ali kale m'munda mwawo. Ife a ku Ntcheu tikamagula potassium wa m'botolo wochokera kunja, pamene magalimoto akunyamula kachewere wa ku Tsangano ndi ndiwo za pa Lizulu kupita nazo ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndiye kuti ndalama sitikuimvera chisoni. Kachewere, mbatata, nyemba, nthochi, mapeyala, matimati, bonongwe, nkhwani ndi chisoso zonsezi zili ndi potassium, ndipo masamba, nyemba ndi mtedza zili ndi magnesium yemweyo amene akugulitsidwayo. Kachewereyo akhale wophika, osati tchipisi cha pachiwaya chowazidwa mchere. Usipa ndi matemba zilinso ndi mafuta ansomba, bola zisakhale zoumikidwa ndi mchere wambiri. Chidede nacho chinayesedwa ndipo chimatsitsako BP pang'ono, moti akachikonda akhoza kumwa kapu yake yopanda shuga wambiri, koma ngati chakumwa chabe, osati cholowa m'malo mwa mankhwala. Cham'mwamba ndi ndiwo yabwino, koma ufa wake wa m'mapaketi si mankhwala a BP.

Pamene tingapindule kwambiri popanda kulipira kanthu ndi pa mchere. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, kumene ndi kasupuni kakang'ono ka tiyi kamodzi kosasefukira, kuwerengera zonse zimene wadya kuyambira m'mawa mpaka usiku. Kwa munthu wa BP yokwera, kuchepetsa mchere mokwanira kumatsitsa nambala yapamwamba ndi pafupifupi 5, kuposa magnesium ndi mafuta a nsomba aja. Nonse mukuwadziwa Amayi, kuti ndiwo asanalawe n'komwe dzanja lafika kale m'kambale ka mchere. Ndiye pali soda wothira mu therere ndi m'nkhwani, amene anthu samuwerengera chifukwa sawawa ngati mchere, chikhalirecho ali ndi sodium yemwe uja amene amakweza BP. Timakyubu tokometsera ndiwo ndi timapaketi ta zokometsera ta mu soya pieces nato tadzaza mchere. Mtsikana amene akuwaphikira afotokozeredwe zimenezi mofatsa, ndipo achepetse pang'onopang'ono, chifukwa lilime limazolowera pakapita milungu ingapo, pamene kuchotsa zonse tsiku limodzi kungangochititsa kuti Amayi azikadya kwa aneba.

Alamu anatchulapo tsiku lina za mchere wapadera wosakaniza ndi potassium. Umenewo uli ndi umboni wabwino, chifukwa kafukufuku wamkulu wa ku China amene anatuluka mu 2021, wa anthu pafupifupi 21,000 m'midzi 600, anaonetsa kuti unachepetsa sitiroko ndi 14 peresenti. Koma chenjezo lija la enalapril ndi impso likukhudzanso mchere umenewu, ndiye nawonso udikire kaye mawu a adokotala.

Pali china chimene ndikupempha kuti mufufuze m'chikwama mwawo. Amayi amadandaula mawondo, ndipo Brufen, Indocid ndi diclofenac, amene anthu amangogula pa golosale, amakweza BP, amafooketsa mphamvu ya mankhwala ake ndiponso amapweteka impso akamwedwa kawirikawiri. Panado ndiye wabwinoko kwa iwo. Mankhwala azitsamba osakaniza amene salembedwa bwino zimene zilimo asamwe, chifukwa ena amakhala ndi liquorice, muzu wotsekemera umene umakweza BP. Botolo lolembedwa kuti limachiza BP, shuga, nyamakazi ndi khansa nthawi imodzi musalikhulupirire, ngakhale wogulitsayo akhale munthu wopemphera naye. Tikafuna kugula kanthu, tigule ku famase yovomerezeka ndi bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA, kumene tingafunse ngati chinthucho chikugwirizana ndi mankhwala amene akumwa.

Kutopa kwawo nako tisakunyozere, tiwafunse chimene chikuwatopetsa. Enalapril amayambitsa chifuwa chouma mwa anthu ena, amlodipine amatupitsa mapazi, ndipo HCT akamwedwa madzulo amadzutsa munthu usiku kukataya madzi, n'chifukwa chake amayenera kumwedwa m'mawa. Zonsezi akazinena kuchipatala akhoza kuwasinthira mtundu wina. Akapeza kuti mankhwala atha kumeneko, atiuze tsiku lomwelo tiwagulire ku famase, asakhale milungu osamwa.

Maganizo anga ndi akuti ndalama imene timafuna kusonkhayo tigulire makina oyezera BP, omanga pamwamba pa chigongono osati apadzanja, kuti aziyezedwa atakhala pampando n'kupuma mphindi 5, ndipo manambalawo azilembedwa m'kope loti azipita nalo kuchipatala. Ikadzafika 180 pa 120, kapena akadzamva mutu waukulu, kupweteka pachifuwa, kuona mwachimbuuzi, kufooka mbali imodzi kapena lilime kulemera, apite kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Achemwali, mukapita kumudzi Loweruka mujambule masamba omaliza a buku lawo lija, mapaketi onse a mankhwala amene ali m'nyumba, ndi zolembedwa kumbuyo kwa mabotolo a mnzanuyo, munditumizire kuti tikawaonetse adokotala pa tsiku lawo la sikelo ya BP.