Ufumu wa Jerry Lawler unachokera ku Memphis

Wowerenga wina wandilembera pa imelo kuti: "Kodi mdala uja Jerry Lawler, amene ankaulutsa ndewu za WWE atavala chisoti chachifumu, ufumuwo anautenga kuti?"

Achimwene, anautenga kwawo ku Memphis, ku Tennessee. Mu 1974 anagonjetsa Jackie Fargo, yemwe anamuphunzitsa ntchitoyi, ndipo dzina loti King linamukakamira kuyambira pamenepo.

Masiku amenewo wrestling ya ku America inali yogawidwa m'zigawo, chilichonse ndi mwini wake, ndipo bungwe la NWA linkaonetsetsa kuti wina asalime m'munda wa mnzake. Memphis inali m'manja mwa Nick Gulas kufikira 1977, pamene Jerry Jarrett anapatukana naye atatopa ndi zoti Gulas ankakakamira kukweza mwana wake George. Jarrett anachoka ndi Lawler komanso muulutsi Lance Russell, n'kuyambitsa kampani imene inadziwika kuti CWA.

Nzeru zawo zinali apa. Loweruka m'mawa, pa TV ya WMC, anyamata ankanyozana ndi kuchitana zachiwembu anthu akuonera ulere. Wofuna kuona mathero ankagula tikiti Lolemba usiku ku Mid-South Coliseum. Lachiwiri gulu lonse ku Louisville, Lachitatu ku Evansville. Oonera anali omwewo sabata ndi sabata, choncho chimene ankagulitsa kwenikweni chinali chidani, osati minofu. Kwa ine, palibe anawaposa pa luso limeneli.

Taonani za 1982. Katswiri wanthabwala Andy Kaufman ankatumiza mavidiyo ophunzitsa anthu a ku Memphis kusamba ndi sopo. Mzinda unapsa mtima. Atakumana pa ndewu, Lawler anamugwetsa chamutu, Kaufman n'kumayenda ndi chomangira khosi kwa miyezi, kenako Lawler anamuwomba mbama pa pulogalamu ya pa TV ya David Letterman. Zonsezo anali atapangana, koma chinsinsicho chinasungika zaka zambiri.

Womenya wrestling Kamala, "chimphona cha ku Uganda" chija, anamupekanso ku Memphis chaka chomwecho. Anali James Harris wa ku Mississippi, ndipo zomujambula ngati munthu wakutchire zija ine sizindiseketsa.

WWF (dzina lakale la WWE) itafalikira dziko lonse kudzera pa TV, zigawo zinayamba kufa. Memphis inapirirako: mu 1989 inaphatikizana ndi kampani ya ku Dallas n'kukhala USWA, ndipo mu 1996 The Rock anaphunzirirako ntchito akutchedwa Flex Kavana. USWA inatsekedwa mu 1997, Lawler atatha kale zaka pafupifupi zisanu akulandiranso malipiro ku WWF.