Penti watsopanoyo asakunamizeni

Achemwali, mwati nyumba mukufuna kugula ku Mchengautuwa ija ndi yopakidwa penti kumene, koma chipinda chogona chikununkha chinyezi, ndiye mugule kapena ayi? Ine ndikuti musathamangire kulipira. Penti amabisa chuku, koma fungo ayi.

Kuno ku Mzuzu mvula imachedwa kusiya, ndipo June ndi July kumakhala nkhungu ndi kamvula kowaza, moti makoma sapeza mpata wouma. Pitaninso mukaione mvula itangogwa, osati dzuwa likuswa mtengo. Sunthani wadiropu, suzumirani kuseri kwake, gwirani khoma m'munsimu ndi chikhatho. Likakhala lozizira, pulasitala akufumbutuka ngati ufa, penti atatupa kufika m'mawondo, dziwani kuti madzi akukwera kuchokera pansi. Kawirikawiri zikatero ndiye kuti pomanga sanayale pepala la pulasitiki pamaziko. Imeneyo ndi ntchito ya ndalama zambiri, ndipo Jik sangathandize. Ine ndinagwa nazo: nsapato zanga zakutchalitchi zinachita chuku mbuu pansi pa bedi, mwana n'kumatsokomola usiku wonse.

Koma ngati madontho akudawo ali kusiling'i kokha, mwina ndi lata lobooka kapena msomali wotayirira. Zimenezo n'zosavuta.

Tengani mmisiri wanu, osati wa eni nyumba, akwere kudenga, aonenso kumene madzi amalowera pabwalopo. Mtengo wokonzera umene atchulewo muuchotse pa mtengo wa nyumba, ndipo mulemberane musanapereke kakhobidi kalikonse.